Amene wagenda mwala timutche ndani?

Achemwali anga ndi namwino. Tsiku lina madzulo akupita kuntchito ya usiku, minibasi imene anakwera inapeza msewu watsekedwa ndi miyala komanso matayala oyaka. Anyamata amene ankachita zionetsero anatsitsa aliyense. Mmodzi, chitsulo chili m'manja, anawayandikira mpaka mpweya wake kuwafika kumaso, n'kuwauza kuti akweze chibakera m'mwamba ndi kufuula mawu amene gulu linkaimba, apo ayi sadutsa. Anafuula. Mtunda wotsalawo anayenda wapansi, yunifolomu ikununkha utsi wa matayala, ndipo anafika mochedwa ndi maola awiri. Mnzawo amene ankayenera kuweruka anamupeza akadali m'wodi, maso ali psu.

Chimene chimawapweteka mpaka lero n'chakuti nkhani imene anyamatawo ankagubira, iwo ankagwirizana nayo ndi mtima wonse. Mawu omwewo akanafuula okha popanda wowagwirira chitsulo.

M'mawa mwake nkhaniyi inafika pabanja. Amalume sanachedwe: "Zigawenga zimenezo. Boma lizigwire zonse, zikaolere m'ndende." Mng'ono wanga, amene anaguba nawo tsikulo koma kumbali ina, anadumpha: "Ayi amalume, amenewo ndi omenyera ufulu. Walira mvula walira matope." Anakokanakokana nthawi yaitali, wina zigawenga, wina omenyera ufulu. Achemwali anali chete, ndipo atayankhula anangoti, "Nonse awiri simunatchule chimene anandichita."

Ine ndili mbali ya achemwali. Munthu ali ndi ufulu wokana ndale za chibakera, zoopseza ndi zokakamiza, ngakhale zitachokera kwa anthu amene dandaulo lawo ndi loona. Koma mawu amene timatola msanga pokana khalidwe limeneli ndi akale, anasulidwa ndi olamulira pofuna kutseka anthu pakamwa, ndipo tikawagwiritsa ntchito timagwirira ntchito eni ake osadziwa. Poopa zimenezo, ambiri amene ali ndi chikumbumtima amangokhala duu. Mapeto ake bwalo limatsala ndi magulu awiri, wotukwana zionetsero zonse ndi woikira kumbuyo chilichonse chochitika pa zionetsero.

Tiyambe ndi liwu la amalume. Liwu lakuti chigawenga lili ndi mbiri yolemera m'chinenero chathu. M'chaka cha 1964, patangopita miyezi iwiri dziko la Malawi litalandira ufulu, nduna zingapo zinasemphana maganizo ndi Dr Kamuzu Banda pa nkhani monga kulipiritsa odwala m'zipatala, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa eni dziko, ndi ubale ndi Portugal. Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Onsewa anamatidwa dzina limodzi, zigawenga. Ndi zoona kuti Chipembere anadzanyamula zida mu 1965, ndipo Yatuta Chisiza anafa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. Koma dzinalo linabwera zida zisanatuluke, ndipo silinathere pa onyamula zida. Linafalikira kwa achibale awo, kwa wolandira kalata yochokera kunja, kwa wofunsa funso pamsonkhano. Liwu limodzi linaphimba wogwira mfuti ndi wogwira cholembera, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 munthu akangotchedwa dzinali panalibenso wofunsa kuti walakwa chiyani.

Ntchito ya liwuli ndi imeneyo. Limachotsa munthu pakati pa anthu oyankhula nawo. Wotsutsa umamuyankha, wodandaula umamumvera, koma chigawenga umangochisaka. Wolamulira akapambana kumata dzinali pa gulu, ngongole yoyankha dandaulo lawo yatha pomwepo.

Si kwathu kokha. Ku South Africa lamulo la 1950 lothana ndi chikomyunizimu linalembedwa motambasuka moti aliyense wofuna kusintha zinthu m'dziko kudzera m'chimene boma lingachitche chisokonezo ankatha kutchedwa mkomyunisiti, ngakhale akhale m'busa wa mpingo. Mu 1967 anawonjezera lamulo la uchigawenga lolola kusunga munthu m'chitokosi popanda kumuzenga mlandu. Dzina la Nelson Mandela linakhala pa mndandanda wa boma la America wa anthu owakayikira uchigawenga mpaka 2008, atalamulira kale dziko lake n'kupuma, patapita zaka 15 chilandirireni mphoto ya Nobel. Ndipo liwu la Chifalansa ndi Chingerezi limene timalimasulira kuti uchigawenga, lija lakuti terrorism m'Chingerezi, linayamba potchula boma, boma la ku France la 1793 ndi 1794 limene linkadula nzika zake mitu poyera pofuna kuopseza otsala. Patapita nthawi maboma analitembenuza n'kuyamba kulozera nalo anthu awo.

Pali vuto lina limene ogwiritsa ntchito mawu aakuluwa saliganizira. Liwu limatha mphamvu ngati nsalu yochapidwa tsiku ndi tsiku. Mukatcha chigawenga mnyamata woyatsa tayala, mudzamutcha chiyani woponya bomba pamsika? Anthu akazolowera kumva dzinali likumatidwa pa aliyense, tsiku limene chigawenga chenicheni chidzafike adzangogwedeza mapewa n'kuti ndi ndale.

Tsono pali mawu ena ofewa, omveka aulemu, amene ine ndimawaopa kuposa aukaliwa chifukwa salira. Bata. Mtendere. Kudekha. Kukambirana. Palibe munthu wamaganizo abwino amene angadane ndi mawu amenewa, ndipo n'chifukwa chake amabisa zambiri. Mu April 1963 atsogoleri a zipembedzo asanu ndi atatu, onse azungu, a ku Alabama m'dziko la America analemba chikalata chonena kuti zionetsero za anthu akuda zolimbana ndi tsankho mumzinda wa Birmingham zinali zosaganizira bwino, zosayenera nthawi yake, ndiponso zotsogoleredwa ndi anthu obwera. Sanatukwane munthu. Analangiza anthu akuda kuti adekhe, nkhani ipite kukhoti. Martin Luther King Jr anawayankha ali m'ndende, ndipo mfundo yake inali yakuti anthu ofatsa okonda bata kuposa chilungamo ankatchinga njira kwambiri, chifukwa kwa woponderezedwa liwu lakuti dikirani linkatanthauza kuti sizidzachitika. Patangopita milungu yochepa apolisi a mumzindawo anathira agalu ndi madzi a mapaipi ozimitsira moto pa ana asukulu amene ankaguba opanda chida.

Nafenso tili nawo mwambi wake: kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi mwambi wabwino, koma umalawa mosiyana ukachokera pakamwa pa wokhuta kupita kwa wanjala. Ine ndikamva munthu akuti tisunge bata, ndimadikira chiganizo chotsatira. Akati tisunge bata, ndipo dandaulo lanu tilimva tsiku lakuti, pamalo akuti, ndipo tikalephera mudzatifunse, ameneyo akukana chiwawa. Akathera pa bata pomwepo, akukana dandaulo. Awiriwa amayamba ndi mawu ofanana, ndipo ofalitsa nkhani amatilakwira akawaika m'thumba limodzi la "anthu ofuna mtendere".

Koma ndikanama ndikanena kuti mawu oipa ali mbali ya olamulira yokha. Ochita zionetsero nawo ali ndi nkhokwe yawo, ndipo mawu awo amalunjika makamaka kwa mnzawo wa m'gulu momwemo amene wayerekeza kunena kuti apa tapyola malire. Wogulidwa. Wamantha. Mthirakuwiri. Kazitape. Akuluakulu amakumbukira liwu lakuti kapirikoni, lochokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society, limene pa nthawi yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linasanduka dzina la aliyense womuganizira kuti akudyera kwa azungu. Ena analidi otero. Ena anangosiyana maganizo ndi gulu pa kayendetsedwe ka nkhondo yomweyo, ndipo dzinalo linali lokwanira kuti nyumba yawo ione zakuda.

Ku South Africa liwu lake linali impimpi, ndipo m'ma 1980 munthu womatidwa dzinali ankavekedwa tayala la petulo m'khosi n'kuyatsidwa. Mu July 1985, pamaliro ku Duduza, Desmond Tutu analowa pakati pa khamu lolusa n'kupulumutsa munthu amene ankafuna kumuotcha pomuganizira kuti ndi kazitape. Patapita masiku ochepa mtsikana wina anaotchedwa m'dera lomwelo pa mlandu womwewo, makamera akujambula. Tutu anauza anthu ake pamaso kuti akapitiriza zimenezi, iye atenga banja lake n'kuchoka m'dziko limene ankalikonda. Taonani mmene anayankhulira. Sanawatche zigawenga, ngakhale boma la tsankho likanakondwa kumva liwulo kuchokera pakamwa pake. Sanachepetse nkhanza za boma ngakhale pang'ono. Anatchula chimene chinachitika, kuotcha munthu, n'kunena kuti iye sangaime nawo pa chimenecho. Anatha kutero chifukwa aliyense ankadziwa mbali imene iye anali.

Gandhi anapita patali kuposa apo. Mu February 1922, pa Chauri Chaura ku India, apolisi atawombera anthu oguba, khamu linaotcha polisi ndipo apolisi oposa 20 anafera momwemo. Gandhi anaimitsa ndawala yonse yokana kugwirizana ndi boma la atsamunda, m'dziko lonse, pa nthawi imene inali itagwira moto. Anzake ambiri, kuphatikizapo Jawaharlal Nehru, anakhumudwa kwambiri. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati anachita bwino. Chimene ndikufuna kutolapo ndi china: zaka zambiri m'mbuyomo, ali ku South Africa, Gandhi anaona kuti mawu a Chingerezi amene ankatchulira njira yake ankamveka ngati kufooka, ndipo anapempha owerenga nyuzipepala yake kuti amuthandize kupeza dzina lina. M'menemo munatuluka liwu lakuti satyagraha, kugwiritsitsa choonadi. Anazindikira kuti munthu wolimba pa dandaulo koma wokana kuvulaza mnzake, akapanda kukhala ndi dzina lake, adani ake a mbali zonse ziwiri amupatsa lawo.

Apa ndi pamene Chichewa cha ndale chikuperewera. Munthu ngati achemwali anga, wogwirizana ndi dandaulo koma wokana chitsulo, timamutcha ndani? Tikati wofatsa, zikumveka ngati alibe msana. Tikati wapakatikati, tikunama, chifukwa sali pakati, ali mbali imodzi ndithu. Mkhalapakati ndi woyanjanitsa, si iyeyo. Dzina laulemu palibe, ndipo chimene chilibe dzina chimavuta kuchiteteza pamsonkhano pamene mitima yatentha.

Mng'ono wanga ali ndi yankho lake, ndipo si lopepuka. Amati ofatsa samvedwa. Amati boma lililonse limayamba kumvetsera likaona utsi, ndipo odzudzula ukali amadzadya nawo zipatso zimene aukaliwo anagwetsa. Mbiri imamupatsako umboni. Ku Britain amayi ofuna ufulu woponya voti anagawika pawiri. Gulu la Millicent Fawcett linkayenda m'njira ya malamulo, makalata ndi misonkhano. Gulu la Emmeline Pankhurst, lokhazikitsidwa mu 1903, linatopa ndi kudikira n'kuyamba kuswa mawindo, kenako kuotcha nyumba zopanda anthu. Nyuzipepala ya Daily Mail inawapatsa dzina lonyoza lakuti suffragette mu 1906, iwo n'kulitenga kukhala lawolawo, mpaka kutcha nyuzipepala yawo dzina lomwelo. Amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo, okwaniritsa zofunika zina, anapeza voti mu 1918, ndipo mu 1928 anafanana ndi abambo. Lero dziko limakumbukira kwambiri oswa mawindo. Akatswiri a mbiri sagwirizana kuti ndi gulu liti linafulumizitsa zinthu ndipo ndi liti linachedwetsa.

Ndimamuvomereza mng'ono wanga pa chinthu chimodzi chachikulu: zionetsero zosasowetsa munthu mtendere si zionetsero. Sitiraka imapweteka. Kunyanyala kumapweteka. Anthu akuda a mumzinda wa Montgomery ku America atakana kukwera mabasi kwa masiku 381 mu 1955 ndi 1956, kampani ya mabasi inaluza ndalama zambiri ndipo mzinda unagwedezeka, koma palibe amene angatche zimenezo chiwawa ndi nkhope yowongoka. Choncho wotsutsa ukali asabise m'mawu ake chikhumbo chakuti iye asavutike ngakhale pang'ono. Kuchedwa pamsewu chifukwa anthu akuguba ndi mtengo wa kukhala m'dziko la ufulu. Pamene ndimasiyana naye ndi pa mwambi wake uja. Matope a mvula sasankha munthu, amangobwera. Chitsulo chija chinali m'dzanja la munthu amene anasankha kuchikweza pamaso pa mayi wopanda chida. Mwambiwo umasandutsa chisankho cha munthu kukhala nyengo, ndipo pa nyengo palibe woimbidwa mlandu.

Amalume nawo ali ndi mwambi wawo wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndi mwambi umenewu anthu zikwi zambiri oguba mwamtendere amasenzetsedwa mlandu wa anyamata makumi awiri ofunkha katundu. Ndipo aliyense wofuna kuipitsa zionetsero amadziwa kuti akungofunika kuponyamo nsomba imodzi yoola, yogula yekha.

Chuma chathu chili m'aneni, mawu otchula zochita. Chichewa chili ndi makwerero omveka bwino: kudandaula, kudzudzula, kunyanyala, kuguba, kutseka msewu, kukakamiza, kuopseza, kugenda, kufunkha, kuotcha, kupha. Mneni aliyense amafuna womuchita ndi womuchitira. Ukati anagenda, funso limabwera lokha: ndani, anagenda yani? Mneni umatha kuutsimikiza kapena kuutsutsa ndi umboni, pamene dzina ngati chigawenga kapena wogulidwa ulibe pogwira, umangolikhulupirira kapena kulikana malinga ndi mbali yako. Chachikulu n'chakuti mneni sadziwa chipani. Kuopseza ndi kuopseza kaya wachita ndi mnyamata wa chipani cholamula wonyamula chikwanje, kaya ndi woguba wonyamula chitsulo, kaya ndi wapolisi. Munthu amene mneni wake amagwira ntchito mbali imodzi yokha, ameneyo vuto lake si chiwawa, vuto lake ndi amene akuchita.

Bungwe lofufuza la Devlin, limene boma la Britain linatumiza ku Nyasaland mu 1959, linasonyeza kuti izi n'zotheka. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zafika poopsa m'Nyasaland, ndipo boma linafalitsa nkhani yakuti chipani cha Nyasaland African Congress chinakonza chiwembu chopha azungu ambiri. Anthu oposa 50 anaphedwa ndi asilikali ndi apolisi. Lipoti la Devlin silinabise kuti m'chipanimo munali kuopseza ndi kulolera chiwawa. Koma linakananso nkhani ya chiwembu chija mmene boma linaifotokozera, ndipo linanena kuti dzikolo linali litasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Britain silinakondwe nalo. Lipotilo likukumbukiridwa mpaka lero chifukwa linatchula zochita za mbali zonse ziwiri, chilichonse pa mlingo wake, osazisakaniza kuti zioneke zofanana.

Mawu akuti pa mlingo wake ndi ofunika, chifukwa pali njira ina yonamira imene imaoneka ngati chilungamo. Timaimva kawirikawiri pa wailesi: "kunabuka chipwirikiti", "zionetsero zinasanduka zachiwawa", "anthu ataya miyoyo pa mkangano wa apolisi ndi ochita zionetsero". Chipwirikiti chilibe dzanja, sichikoka mfuti. Pa Sharpeville ku South Africa pa 21 March 1960 anthu 69 sanataye miyoyo ngati munthu wotaya ndalama panjira, anawomberedwa ndi apolisi, ambiri kumsana akuthawa. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 m'Malawi anthu 20 anafa, ndipo kunalidi kufunkha katundu, koma wofotokoza nkhaniyo moona ayenera kunena kuti katundu anafunkhidwa ndi anthu wamba ndipo ambiri mwa akufawo anaphedwa ndi zipolopolo za apolisi. Zonse ziwiri ndi zolakwa, koma windo ndi moyo sizilemera mofanana. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere komanso popanda zida. Mawu amenewo amamanga woguba, inde, koma amamanganso boma kuti woguba wopanda chida abwerere kwawo wamoyo.

Masiku ano chitsulo chija chasamukiranso pa foni. Munthu akalemba maganizo osiyana ndi gulu pa Facebook, ena amafukula chithunzi cha nyumba yake, nambala yake, sukulu ya ana ake, n'kulemba pansi kuti "timudziwe". Ochita zimenezi amati akungomuyankha, ena amati akumuphunzitsa. Kuyankha ndi kutsutsa mfundo yake, ngakhale mwaukali, ngakhale mom'chititsa manyazi. Kuika poyera pamene ana ake amaphunzira ndi kuopseza, ndipo tizikutcha choncho ngakhale munthuyo atakhala kuti walankhula zopusa. Mbali inayo nayonso isatambasule liwu lakuti chiwawa mpaka kuphimba kudzudzula kulikonse kowawa. Mtsogoleri wokuwizidwa pamsonkhano sanachitiridwe chiwawa, wangomva zimene anthu ake akuganiza.

Patapita masabata angapo chichitikireni za achemwali, gulu la mng'ono wanga linakumana kukonzekera kugubanso. Iye anaimirira n'kupempha kuti pakhale anthu ovala zowazindikiritsa oyang'anira mzere, ndiponso kuti pasapezeke wotsitsa anthu m'galimoto kapena wokakamiza wodutsa kuimba. Anafotokoza za achemwali, osatchula dzina. Wina kumbuyo anakuwa kuti wagulidwa. Iye anandiuza kuti miyendo inanjenjemera, koma anafunsa kuti, "Akulu, ndanena kuti tisagube? Ndanena kuti tisatsitse anthu m'galimoto. Amene akuti tizitsitsa aimirire anene." Palibe anaimirira. Mfundoyo inalembedwa, ngakhale ena anatuluka akung'ung'udza ndipo awiri samuyankhulabe mpaka pano. Tsiku logubalo achemwali anali pa ntchito ya masana, ndipo anadzera njira ina.